Dailes Akufuna Kumva Pakamwa pa Janet

Loweruka, pa 14 Juni 2025, dzuwa lili paliwombo, a Lawson a ku Khombedza anaitana amuna onyamula katundu pamsika kuti anyamule Dailes, mwana wa mlongo wanga, pamodzi ndi njinga yake yopalasa ndi manja, n'kumukweza pagalimoto ya matola yopita ku Salima. Sanamufunse. Iye anagwira mtengo wa mpanda ndi manja onse awiri, iwo n'kumumasula zala chimodzichimodzi. Anamukhazika pakati pa matumba a makala, dalaivala n'kuuzidwa kuti akamutsitse kudepoti, monga mmene munthu amatumizira thumba la chimanga kwa abale. Dailes ndi mzimayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ali ndi nyumba yake ndi malonda ake. Anapita kumeneko kukafunsa funso limodzi kwa Janet, mkazi amene amakondana naye, yemwe ndi mwana wa mlongo wawo wa a Lawsonwo. Mpaka lero funsolo silinafike kwa mwini wake.

Ine ndine atsibweni ake a Dailes. Ndinali mphunzitsi wa kusekondale mpaka ndinapuma, ndipo anthu a ku Lifuwu amati ndine nkhalamba yosunga zakukhosi. Sindikana. Amaiwala msanga ndi amene sanalakwiridwe. Ndikulemba izi Dailes atandiuza yekha kuti ndilembe. Maina a makolo ndawasiya dala. Amene nkhaniyi ikuwakhudza adzidziwa okha.

Dailes anabadwira ku Lifuwu, pafupi ndi minda ya mpunga. Anayamba kuyenda ngati ana ena onse, mpaka matenda a poliyo anamugwira asanakwane zaka zitatu, miyendo yonse iwiri n'kufota. Mayi ake, mlongo wanga Margret, anamubereka kumsana kupita naye kusukulu mpaka mwana analemera kuposa mtolo wa nkhuni. Msana wa Margret utakana, Dailes anavala masilipasi m'manja n'kumakwawa yekha mumchenga wotentha uja. Mphunzitsi wamkulu wa nthawi imeneyo anauza Margret kuti mwana wotere angokhala pakhomo, poti ngakhale aphunzire adzapita kuti. Munthuyo anamwalira, koma mawu akewo ine ndikadali nawo. Dailes anafika Fomu 4.

Njinga anaipeza ali wamkulu kale. Anapita kwa wowotcherera zitsulo ku Salima ndi mafelemu a njinga zakufa, n'kukhala pomwepo kumulondolera, chifukwa sanafune zogwirira zokankhira kumbuyo. Wowotchererayo anati njinga zonse za olumala zimakhala nazo. Dailes anati ndiye chifukwa chake olumala amapezeka kumene sanafune kupita. Ndi njinga imeneyo amagula mpunga kwa alimi a pasikimu, n'kukapunthitsa kuchigayo, n'kumagulitsa. Mapewa ake ndi a munthu wopalasa bwato, ndipo pakamwa anatengera kwathu. Wogula akayang'ana miyendo n'kuyamba ndi pepani, amamuuza kuti pepani sagula mpunga.

Margret atamwalira, abale anakhala pansi n'kugwirizana kuti Dailes amupezere mwamuna womusunga. Anabwera ndi bambo wina wa ku Chitala, wofedwa mkazi, wa msinkhu wanga, amene ananena poyera, mwini wake ali pomwepo, kuti ubwino wa mkazi wotere ndi woti sayendayenda. Dailes anamufunsa ngati akufuna mkazi kapena loko wa pachitseko. Bamboyo ananyamuka thobwa asanamalize. Abale anati ndimukalipire mwanayo, koma ine ndinali ndisanathe kuseka.

Mawa lake Dailes anandipeza pakhonde ndikuswa mtedza.

"Atsibweni, auzeni asiye kundifunira amuna. Si chifukwa cha miyendo ayi. Ine mtima wanga umapita kwa akazi anzanga, ndipo wakhala choncho kuyambira kusukulu."

Ndinamufunsa ngati alipo kale wina. Anati palibe, ndipo vuto lake ndi limenelo. Sindinadabwe kwenikweni. Ndakhala zaka zambiri pakati pa ana a anthu, ndipo ndikudziwa kuti zimenezi sizinabwere ndi foni kapena ndi azungu monga amakuwira olalikira a pamsika. Ndili wamng'ono, kumudzi kwa agogo anga kunali amayi awiri amene ankalima munda umodzi, kugona nyumba imodzi mpaka kukalamba, mudzi wonse n'kumati ndi pachinzawo. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense ankadya maungu awo.

Kufuna bwenzi ku Lifuwu uli mkazi wofuna mkazi n'kovuta kale, poti sungafunsire munthu osaopa kuti mawa nkhani ikhala pamjigo, mwinanso kupolisi. Ndiye onjezanipo njinga. Dailes ankacheza ndi akazi ena pafoni, m'gulu lawo lobisika, ndipo nthawi zonse ankavutika ndi chinthu chimodzi: za miyendo anene liti. Akanena poyambirira, macheza ankazima ngati moto wa mapesi, ena n'kuyamba kumutumizira mawu olimbikitsa odwala. Akapanda kunena, munthu ankabwera kudzaona yekha. Mayi wina wa ku Lilongwe, wogwira ntchito muofesi, anakwera basi mpaka ku Senga Bay atacheza naye miyezi ingapo. Dailes anavala diresi lake lofiira, tsitsi atalukitsa. Mayiyo atamuona anaima kaye, kenako anagwada pansi anthu akuona, n'kuyamba kumupempherera mawondo. Dailes anadikira mpaka amen, anadya chambo chimene mayiyo anagula, mutu ndi maso omwe, n'kupalasa kupita kumsewu kukadikira minibasi. Zinamudutsa zingapo zopanda anthu, poti makondakitala akaona njinga amayang'ana kumbali.

Wina anali Sumaiya, wa banja la asodzi m'mbali mwa nyanja. Ameneyu anamukondadi, ndipo Dailes salola kuti ndimunenere zoipa. Koma chikondi chake chinali cha m'nyumba. Pamsewu ankayenda patsogolo kutali ngati sakudziwana, ndipo Dailes sankadziwa ngati mnzakeyo akuopa kuonedwa ndi mkazi kapena ndi wolumala. Atamufunsa, Sumaiya analumbira kuti wallahi nayenso sakudziwa. Anakwatiwa ku Nkhotakota.

Ulendo wina akazi a gulu la pafoni lija anapangana zokumana m'tauni, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ina. Dailes anafika, anaona masitepe, anaimba foni. Anatsika awiri n'kunena kuti amunyamula. Iye anati atsike onse, akacheze pansi pa mtengo. Anati panja si pabwino, anthu awaona. Anabwerera ku Lifuwu osalawa ngakhale madzi. Mwezi womwewo, pamsonkhano wa anthu olumala, wotsegulira ndi pemphero anapempha Mulungu kuti achotse m'dziko muno anthu okwatirana akazi okhaokha ndi amuna okhaokha. Dailes sanatsinzine. Anandiuza kuti ankafuna aone amene akuvomera mokweza kwambiri, ndipo anali mlembi wa gulu la olumalalo, amene iye ankamubwereka pampu ya njinga.

Janet anabwera zaka ziwiri zapitazo, nthawi yokolola, kudzagula mpunga woti akagulitse ku Khombedza. Ndi mkazi wamtali, wosafulumira kulankhula. Banja lake linatha kalekale, ndipo amakhala ndi mayi ake okalamba pamalo a a Lawson. Tsiku limenelo njinga ya Dailes inatitimira mumchenga panjira yochokera kuchigayo, thumba la mpunga lili kumbuyo. Munthu aliyense wa ku Lifuwu akanathamanga n'kuyamba kukoka osafunsa, n'kulandirapo mwano. Janet anaima pambali akutafuna nzimbe.

"Ndikankhe kapena ndionerere?"

"Onererani," anatero Dailes.

Anaonereradi. Anakhala pansi n'kupitiriza nzimbe yake, Dailes akulimbana ndi mchenga thukuta lili kamukamu. Atatuluka, Janet anati akanabetcha akanadyedwa, poti ankaona ngati tayala lakutsogolo lithyoka. Dailes anati kwa anthu oonerera mpunga wakwera mtengo. Sabata yotsatira Janet anabweranso, koma anagula wochepa. Kenako anayamba kubwera wopanda thumba n'komwe.

Ulendo wawo woyamba wokayenda awiri anapita kunyanja m'mawa wa Lamlungu, anthu ali kutchalitchi. Dailes m'madzi ndi nsomba. Manja aja amene amapalasa njinga amamufikitsa kumene amuna ena amabwerera. Janet wa kumtunda amaopa madzi opitirira m'chiuno. Ndiye Dailes ndi amene ankamugwira kumsana kumuphunzitsa kuyandama, akumuseka kuti mwendo wautali wonsewo n'ngwachabe. Mayi wina wochapa pafupi anauza Janet kuti Mulungu amudalitse chifukwa chobwera kudzasambitsa wolumalayo.

Apa ndi pamene anthu athu anasokera, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Janet anayamba kugona kwa Dailes masiku ambiri pa sabata. Ankayenda limodzi kumsika, kumaliro, kuchigayo, dzanja la Janet lili paphewa la Dailes. Akanakhala akazi awiri a miyendo, miseche ikanafika ku Salima mwezi usanathe. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe woganiza kanthu. Anthu anaona wolumala ndi womusamalira, basi. Ankalankhula ndi Janet pamwamba pa mutu wa Dailes: kodi wadya, kodi amagona bwino, mumatha bwanji kumutembenuza. Chikhalirecho wophika m'nyumbamo anali Dailes, chifukwa Janet mchere saudziwa malire, ndipo Janet atadwala malungo, anafika kuchipatala atakhala pamalo oika thumba kumbuyo kwa njinga, Dailes akupalasa.

Janet ankati kusaona kwa anthuko n'kwabwino, ndi mpanda wawo. Dailes ankati mpanda umenewo mitengo yake ndi miyendo yake yofotayo. Ankakangana pang'ono, n'kuiwala. Koma chaka chino, mvula itatha, amayi a kutchalitchi kwathu anaitana Janet kutsogolo n'kumuveka chitenje chatsopano, akuti chifukwa cha chifundo chake pa mnzathu wovutikayu. Anaimba, ena n'kugwetsa misozi. Dailes anali pakhomo la tchalitchi, poti njinga yake siilowa pakati pa mabenchi, ndipo anaona zonse. Janet anagwada kuthokoza, n'kuvala chitenjecho sabata yonse chifukwa chinali chokongola. M'nyumba muja mtendere unatha. Dailes anati ngati kukhala naye ndi ntchito yolandirira chitenje, Janet anene masiku ake opuma. Janet anati iye ali ndi mayi ake ndi munda pamalo a eni, sangaimirire m'tchalitchi n'kukana mphatso kuti Dailes amve kukoma. Anatenga chikwama n'kupita ku Khombedza, Dailes n'kutsala akukalipira ogula osalakwa.

Anabweranso pakhonde panga.

"Atsibweni, anthu a pabanja akayambana amathamangira kwa ankhoswe. Ife tithamangire kwa ndani?"

Funso limenelo linandipsetsa mtima, koma osati pa iye. Ndakhala nkhoswe wa maukwati ambiri m'mbumba yathu, ena a amuna oledzera omenya akazi, ndipo ndaitanidwapo kukaweruza za ndiwo zopserera. Awa awiri anakhala nthawi yonseyi osaponyerana ngakhale chikho, koma analibe wowakhazika pansi. Ndinatumiza uthenga kuti Janet abwere. Anabwera atavala chitenje china.

Ndinawakhazika monga timachitira ndi banja lililonse: wina alankhule, mnzake atseke pakamwa. Kwa Dailes kutseka pakamwako kunali chilango chokwanira. Janet ananena za mantha ake, ndipo anali mantha enieni: ndende, kuthamangitsidwa pamudzi, mayi ake kusowa wowatungira madzi. Dailes anati sakupempha kuti akalengeze pamsika. Akufuna munthu mmodzi yekha wa kwawo kwa Janet adziwe chimene iye ali, kuti tsiku lina Janet akadzadwala kapena kumwalira, asadzamuuze kuti zikomo mayi, mutha kumapita, zatsalazi n'za achibale. Pomaliza Janet anatchula a Lawson. Anati ndi amene anamulera, ndi munthu wanthabwala, wosapsa mtima msanga. Ndikubwereza: anawatchula yekha. Palibe anamukakamiza.

Ndinapita ku Khombedza kumapeto kwa Meyi. Pachinkhoswe, akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi nkhuku yathadzi. Ndinaona kuti pano tambala palibe ndipo ine ndine wa kuchikazi, ndiye ndinanyamula nkhuku yanga yathadzi, yamawanga, yonenepa. A Lawson ndimadziwana nawo kuyambira kale, tinkakumana pabawo ndikuphunzitsa cha kumeneko. Anandilandira bwino. Sindinazungulire ndi miyambi ya ankhoswe. Ndinawauza kuti Dailes ndi Janet amakondana monga amachitira mwamuna ndi mkazi wake, ndipo ndabwera kuti ine ndi iwo tidziwane monga ankhoswe a ana athuwo.

A Lawson anaseka mpaka kutsokomola. Anati aphunzitsi, ukalamba wakuonjezerani nthabwala. Anati akudziwa kuti ndabwera kudzathokoza chifukwa cha ntchito imene Janet akugwira pa chilema chathu, ndipo ulemu wotere masiku ano ndi wosowa. Ndinabwereza mawu anga pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi ana a kumbuyo kwa kalasi. Anasekanso, n'kunena kuti zoterozo amazimva pawailesi za atsikana a m'tauni, koma munthu ngati Dailes angazidziwire kuti, iye chake ndi chakudya ndi pogona. Anaitana kuti nkhukuyo iphedwe. Tinadya. Ine ndinadya chifukwa nkhuku inali yanga ndipo ulendo unali wautali. Iwo anadya chiwindi ndi nthutumba akusekabe.

Amene anabwera ndi madzi osamba m'manja titatha kudya anali Janet. Anagwada, beseni lili m'manja, ndipo a Lawson anamufotokozera nthabwala ya aphunzitsi kuti naye aseke.

"Si nthabwala, atsibweni," anatero Janet. "Dailes sindimusamalira ayi. Ndimamukonda, ndi wanga."

Mawuwo anatuluka onse. Ndinawamva ndi makutu angawa, ndipo ndi mawu omaliza amene ine kapena Dailes tinamva kuchokera pakamwa pake.

A Lawson sanakalipe. Anapukuta m'manja n'kuyang'ana Janet monga timayang'anira munthu wodwala. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti mwana wa mlongo wangayo mankhwala anakawatenga kuti. Anati akanakhala mkazi wamiyendo, akanati ndi tchimo n'kuitana abusa. Koma kuti munthu wabwinobwino akonde wopuwala wokwawa, pamenepo palibe tchimo, pali kondaine wothiridwa mumpunga. Taonani mmene mutu wa munthuyu umayendera. Nkhuku isanaphedwe, Dailes anali wosayenera ngakhale kuganiziridwa kuti angafune munthu. Nkhuku itadyedwa, anali mfiti. Zoti angokhala mkazi wokondedwa, m'mutu mwa a Lawson mulibe malo ake.

Kuyambira tsiku limenelo Janet sanapondenso ku Lifuwu. Foni yake ili m'thumba la a Lawson. Ukaimba amayankha ndi iwo. Tamva kuti anamutengera kwa sing'anga kukamusanzitsa, ndipo anamuuza kuti akadzangotuluka kupita kwa Dailes, mayi ake achoke pamalopo ndipo nkhani ipita kupolisi. A Lawson eni ake ndi amene anafalitsa pamsika wonse kuti wolumala wa ku Lifuwu anadyetsa mwana wawo, ndiye asanene kuti ine ndikuulula za m'nyumba mwawo. Uthenga umene anatitumizira kudzera mwa wakabaza unali woti Janet wachira, ndipo wanena kuti Dailes sakumufunanso.

Ine ndinati tidikire, ndipitenso ndekha. Dailes anati ine ndinapita kale n'kubwerako ndi mafupa a nkhuku. M'mawa wa pa 14 Juni anadzikweza yekha m'minibasi, njinga itamangidwa kumbuyo, n'kukasintha ina ku Salima. Zimene zinachitika ndinamva kwa iye, ndiponso kwa mayi wogulitsa tomato moyang'anizana ndi nyumbayo, ndipo zikugwirizana. Anaima pageti n'kuodira mwaulemu. A Lawson anatuluka n'kubwereza uthenga uja. Dailes anati wamva, koma mawu amenewo ali ndi mwini wake.

"Bambo, sindinabwere kudzamutenga. Mukuona nokha kuti sindingamubereke n'kuthawa naye. Atuluke, andiyang'ane, anene kuti sakundifuna. Akanena, ndipalasa njinga yanga ndipo simudzandionanso."

A Lawson anati munthu amene wangochira kumene samuonetsa kwa amene anamudwalitsa. Dailes anamanga buleki n'kunena kuti adikira. Anadikira padzuwa m'mawa wonse. Anthu anasonkhana, ena akuseka. Wodutsa wina anamuikira chinangwa pamiyendo poyesa ndi wopemphetsa, iye n'kumubwezera. Anaitana dzina la Janet mokweza, ndipo mayi wa tomato akuti nsalu ya pawindo inagwedera. Koma tsikulo kunali mwera, ndiye pamenepo sindiikirapo umboni. Kenako a Lawson anaitana amuna aja.

Dailes anafika kwanga ali mbuu ndi fumbi la makala, zala ziwiri zitatupa. Anangopempha madzi akumwa.

Lolemba ndinapita kwa wapampando wa gulu la olumala kukadandaula kuti membala wawo wanyamulidwa ngati katundu anthu akuona. Anapsa mtima kwambiri, n'kuyamba kufunafuna nsapato kuti tipitire limodzi, mpaka ndinamuuza chimene Dailes anakatsata ku Khombedza. Pamenepo anakhala pansi n'kunena kuti nkhani za chikhalidwe gulu lawo sililowerera. Akazi a pafoni aja anamutumizira Dailes timitima tofiira, n'kumulangiza kuti ayambe wabisala. Abale athu ena asiya kundipatsa moni, akuti ndachititsa manyazi mtundu ponyamula nkhuku pa nkhani yotere. Ndi omwe aja anabweretsa bambo wa ku Chitala, ndipo moni wawo sindinaugwiritsepo ntchito.

Sindikunena kuti ndikudziwa za mumtima mwa Janet. Mwina watopadi. Mwina anaika mayi ake uku, Dailes uku, n'kusankha mayi ake, ndipo munthu wotero ine sindingamuweruze. Dailes naye akuti ayi akhoza kumumva. Wamvapo kale ayi wa mitundu yambiri ndipo sanafe naye. Amene akukana ndi ayi wobwereka, wotuluka pakamwa pa bambo amene mpaka tsiku la nkhuku ija sankakhulupirira kuti wolumala ali ndi mtima. Malamulo a dziko lino ndimawadziwa, ndipo a Lawson asataye nthawi kundiopseza nawo. M'malamulo onse amene ndinawerengapo sindinapezemo lolola munthu kutsekera mzimayi wamkulu m'nyumba n'kumamuyankhira foni.

Zala zitaphwa, Dailes anasamutsa malonda. Tsiku lililonse la msika ku Khombedza amayala mpunga wake pansi pa mtengo woyang'anizana ndi mpanda wa a Lawson. Sakuwa, saitana munthu. Anagula tcheni, ndipo akafika amamangirira njinga kumtengowo, kuti wofuna kumunyamulanso ayambe wadula mtengo. Masiku oyamba anthu ankaulambalala mpungawo, akuti ndi wamankhwala. Tsopano akugula, poti ndi wa ku Lifuwu ndipo ulibe miyala. Amuna ena amamufunsa moseka ngati akadya amukonda, iye n'kuwauza kuti asade nkhawa, mankhwala ake amayamba ayang'ana nkhope. Ine ndimapita naye, mawondo akulira m'minibasi, n'kukhala pambali pake. Geti limakhala lotseka tsiku lonse. Dailes amayeza mpunga, kubweza nthabwala, koma chitseko chikangolira mkatimo, dzanja lake limaima.

A Lawson, tsopano ndikulankhula ndi inu, mwini mbumba kwa mwini mbumba mnzake. Sindikukupemphani kuti muvomereze, kapena kuti mutikonde. Mawu oti Dailes sakufunidwanso ananena ndi Janet, kapena munanena ndinu? Ngati ndi ake, mukuopa chiyani kumutulutsa pageti kuti awanene yekha? Tsiku la msika likubwerali tidzakhala pamtengo paja kuyambira m'mawa. Tiyankheni.